Za Chiwindi Chouma ndi Mafupa Ofumbwa

Mawu akuti "kulimba" ndi amodzi mwa mawu otamanda m'Chichewa. Khanda likayamba kuima lokha amati lalimba miyendo, namfedwa amamuuza kuti alimbe mtima, ndipo banja limene lapirira njala ndi mikangano kwa zaka zambiri amalitcha lolimba. Mpini, mzati, mlatho, ngakhale nsima ya anthu opita kukalima kutali, zikalimba mwini wake amakondwera. Komabe m'thupi la munthu muli chiwalo chimodzi chimene chikalimba ndiye kuti zinthu zavuta, ndicho chiwindi. Chodabwitsa n'chakuti chiwindi chikamalimba, mafupa, amene ndiwo adayenera kukhala olimba, amayamba kufooka mwakachetechete, mpaka munthu wamkulu kuthyoka mwendo pamalo pamene mwana angagwe n'kudzuka akuseka.

Aliyense amene adaimapo pambali amuna akusenda mbuzi ya paukwati akudziwa kuti akangotumbula, wamkulu wa pamenepo amayamba wapempha chiwindi nyama isanagawidwe. Amachitembenuza m'manja, kuchidina ndi chala, kenaka n'kudula kathumba ka ndulu mosamala kuti kangaphulike n'kuwawitsa nyama yonse. Chiwindi cha mbuzi yathanzi chimakhala chosalala ndi chofewa, mpeni umangodutsa osamva kanthu, ndipo n'chifukwa chake m'mabanja ambiri amasungira nkhalamba zimene mano adatha. Chikapezeka ndi mawanga oyera kapena timibulu tolimba, wamkulu uja amapukusa mutu, podziwa kuti chiwetocho chidali kudwala ngakhale kunja chinkaoneka chonona. Makolo tsono ankadziwa kuwerenga chiwindi. Vuto ndi lakuti cha munthu sichitumbulidwa pabwalo. Matenda ake ankaweruzidwa ndi zizindikiro zakunja zokha, ndipo pamenepo ndi pamene milandu yambiri idagwera anthu osalakwa.

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chimakhala mbali ya kumanja, kuseri kwa nthiti za m'munsi. Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'menemo asanapite ku mtima, kotero kuti chilichonse chimene munthu wameza, kaya ndi nsima, mowa, mapiritsi kapena madzi a mizu, chimakaonekera kaye pa bwalo la chiwindi. Chabwino chimasungidwa kapena kusandutsidwa zomangira thupi, choipa chimasukulutsidwa mphamvu. Chiwalochi n'chopirira kuposa zinzake, pakuti chikavulala chimaphukanso monga chitsa cha m'munda. Koma chikamavulazidwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 10, 20 kapena kuposerapo, m'malo mwa mnofu wamoyo mumayamba kulowa zipsera. Chipsera cha moto pamkono sichimera ubweya ndipo sichituluka thukuta. Chimangotseka bala basi. Za m'chiwindi ndi chimodzimodzi. Zikachuluka, chiwindi chimakwinyika, chimachita mibulumibulu, ndipo magazi amavutika kudutsamo. Kumudzi amati chiwindi chapsa kapena chauma. Madokotala amati cirrhosis, dzina limene adalipeka René Laennec wa ku France mu 1819, potengera mawu a Chigiriki onena za mtundu wachikasu woderako umene chiwindi chotere chimakhala nawo. Laennec yemweyo ndiye adayambitsa chipangizo chomvera m'chifuwa chija madokotala amachikoleka m'khosi.

Choyamba chimene anthu amaganizira akamva za chiwindi chouma ndi mowa, ndipo salakwa. Mowa wamasese wa makolo unkafululidwa pa nthawi yake, pa dima, pa chinamwali kapena pa bona, ndipo ukatha mu mtsuko anthu ankabalalika kudikira mwambo wina. Kachasu, amene ngakhale dzina lake lidachokera kwa Apwitikizi, alibe nyengo. Amatchezedwa chaka chonse, sasasa ngakhale akhale miyezi m'botolo, ndipo ukali wake umaposa kutali wa masese. Munthu wa velemoti imodzi madzulo aliwonse sadzitcha chidakwa, poti sagona m'njira ndipo m'mawa amalawirira ku ntchito, koma chiwindi chimawerenga mavelemoti onsewo osaiwala ndi imodzi yomwe.

Komatu si onse a chiwindi chouma amene adagwirapo chipanda. M'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kachilombo ka hepatitis B kamaumitsa ziwindi zambiri. Ambiri amakatenga ali ana, ena pobadwa, ena kudzera m'magazi a pa lumo limodzi limene latema mphini kapena lameta anthu angapo, ndipo kamakhala phee m'thupi zaka makumi osaonetsa chizindikiro. Palinso hepatitis C, ndiponso mafuta odzaza m'chiwindi mwa anthu onenepa kwambiri ndi odwala shuga. Likodzo la m'matumbo nalo limasiya zipsera m'njira za magazi za m'chiwindi. Madokotala amalisiyanitsa ndi cirrhosis, koma kwa woona kunja mimba yake imatupa mofanana. Ngakhale chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amabweretsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa amene ali kale ndi hepatitis B. Choncho mayi wa chigwirizano amene sadalawepo mowa chibadwire angathe kutupa mimba mofanana ndi kabwerebwere wa kwa otcheza kachasu, ndipo miseche imene imamutsatira ndi nkhanza chabe.

Makolo adali ndi dzina lawo la matenda otupitsa. Chikhulupiriro cha mdulo, umene ena amati tsempho, chimati munthu "wotentha", monga amene wayenda njira zosayenera kunja kwa banja kapena mayi amene ali kumwezi, akathira mchere m'ndiwo, wodya ndiwozo amadulidwa: amatupa miyendo ndi nkhope, amaonda, amamva kupweteka m'chifuwa, nthawi zina mpaka kusanza magazi. Woyerekeza zizindikirozi ndi za chiwindi chouma sangalephere kuona kufanana kwake. Chiwindi chikalephera kupanga zimene zimagwira madzi m'mitsempha, ndipo magazi akamaunjikana posowa podutsa, madziwo amatsikira m'mimba ndi m'miyendo. Mitsempha ya kum'mero imatupa ndipo ikaphulika munthu amasanza magazi. Mchere umakoka madzi, kotero wodwala wotere akadya ndiwo zowawa mchere amatupiratu. Amene adayamba kuona kuti mchere ndi kutupa zimayendera limodzi adali ndi maso akuthwa, ndipo sayenera kusekedwa. Pamene mwambowu udaphonya ndi pa woimbidwa mlandu. Udasiya mcherewo n'kugwira dzanja limene lauthira, ndipo dzanjalo kawirikawiri linkakhala la mkazi.

M'mudzi wina wa m'chigawo chapakati mudali mmisiri womanga nyumba za njerwa, munthu wa dzitho amene pa unyamata wake ankanyamula thumba la simenti ngati mtolo wa udzu. Kwa zaka pafupifupi 30 ankati akaweruka, asanafike kunyumba, ayambe wadzera kumene mfuti ya kachasu ikudontha. Atapitirira zaka 50 maso ake adachita chikasu, mimba idatupa, ndipo kuchipatala adamuuza kuti akapitiriza kumwa saona mvula ziwiri. Adaleka, ndipo adalekadi. Patapita zaka ziwiri, m'bandakucha wina potuluka kupita kuseri, adaphonya phazi pa khonde limene kutalika kwake sikudapose njerwa ziwiri. Adangokhala pansi khwithi, koma kudzuka kudakanika. Kutacha anthu adaona kuti mwendo umodzi wafupika ndipo phazi lake lagonera kunja.

Mudzi udagamula mlanduwo dzuwa lisanafike paliwombo. Amuna a pabwalo adati mkuluyo wayambiranso mobisa, poti masiku amenewo ankayenda mwapendapenda ndi kuyankha zosagwirizana ndi funso, ndipo wina adaponyapo mwambi uja wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Alongo ake adali ndi chigamulo china. Adaitanira mkazi wake kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, alongo athuwa mwawadula ndinu," adatero wamkulu wa iwo. "Dzana idali mimba, lero mwendo. Munthu amene adagwapo kuchokera padenga la tchalitchi osathyoka ngakhale chala, lero athyoke pa kakhonde aka?"

Funso la mayiyo lidali lanzeru kuposa mwambi wa amuna aja, pakuti iye adaona chimene iwo sadaone, kuti kugwako kudali kochepa poyerekeza ndi kuthyokako. Yankho lake lokha ndilo lidasokera. Kuchipatala atajambula, zidaoneka kuti fupa la ntchafu lathyokera pakhosi pake, pamene limalowa m'chiuno, ndiponso kuti mafupa awiri a msana adali ataphwanyika kale n'kupolera chokhota. Woona za mafupa adauza mkaziyo kuti, "Mayi, mafupa a bambowa adayamba kutha kalekale. Khonde lija langomaliza ntchito." Apo m'pamene mayiyo adakumbukira kuti mwamuna wake, amene kale ankawerama polowa pakhomo, kwa chaka chathunthu ankangolowa choimirira, ndi kuti msana umene ankadandaula nawo onse ankauyesa malipiro a ntchito ya njerwa. Opaleshoni sidatheke chifukwa magazi ake sankaundana msanga. Adamugoneka pabedi, mwendo atakoka ndi cholemera kwa masabata angapo. Zilonda za pamsana zidayamba, chibayo chidatsatira, ndipo maliro adachitika chimanga chisanache. Pa nkhani ya mdulo ankhoswe adakhalirapo kawiri, ndipo ngakhale adaitaya, mayiyo adabwerera kwawo alamu ake asanamupepese.

Kuti munthu amvetse mmene chiwindi chimathyolera mwendo, ayenera kuyamba wataya ganizo lakuti fupa ndi chinthu chakufa ngati mwala. Fupa limene galu amakukuta kudzala ndi lakufa, koma mafupa 206 a m'thupi la munthu wamkulu ndi amoyo, ali ndi mitsempha ya magazi, ndipo amamangidwanso nthawi zonse. M'kati mwake muli magulu awiri a timaselo: ena amagumula fupa lakale, ena amatsatira pambuyo kumanga latsopano, ndipo pa chaka gawo limodzi mwa magawo 10 la mafupa onse limakhala litasinthidwa. Pa ubwana ndi pa unyamata omanga amaposa ogumula, mpaka munthu akafika zaka pafupifupi 30 mafupa ake amakhala atafika pachimake. Kuyambira pamenepo ogumula amayamba kupambana pang'onopang'ono, makamaka mwa amayi amene asiya kusamba. Kusiyanako kukakula, fupa limaoneka lathunthu kunja koma m'kati lili mphakomphako, monga chimanga cha m'nkhokwe chimene nankafumbwe walowa: njere imaoneka bwinobwino mpaka munthu ataifinya. Madokotala amati osteoporosis, ndipo Chichewa chili kale ndi mawu oyenera, akuti kufumbwa.

Omanga aja amadalira chiwindi pa zipangizo zawo zambiri. Njerwa ya fupa ndi kashiamu, koma matumbo sangathe kumutenga mokwanira m'chakudya popanda vitamini D. Vitamini ameneyu amapangidwa pakhungu dzuwa likaliwomba, komabe amakhala asanapse. Amayamba wapita ku chiwindi kukasinthidwa koyamba, kenaka ku impso kukasinthidwa kachiwiri, ndipo pamenepo m'pamene amagwira ntchito. Ngakhale chimene chimamunyamula m'magazi chimapangidwanso ndi chiwindi. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wokhala m'dziko la dzuwa lochuluka angathe kusowabe vitamini D chiwindi chake chikaonongeka kwambiri, makamaka poti wodwala amabindikira m'nyumba.

Ndulu nayo, imene posenda mbuzi amaitaya kutali, ili ndi ntchito yaikulu mwa wamoyo. Ndiyo imasungunula mafuta a m'chakudya kuti alowe m'magazi, ndipo mavitamini A, D, E ndi K amalowera limodzi ndi mafutawo. Ndulu ikamatsika moperewera, mavitaminiwa amangodutsa n'kutayika. Vitamini K ndiye amathandiza kuti kashiamu amatirire pa fupa, ndipo ndi yemweyo amene chiwindi chimafuna popanga zoundanitsa magazi. Kuonjezera apo, ndulu imene yalephera kutsika imabwerera m'magazi, n'kuchititsa chikasu cha m'maso ndi kuyabwa kwa khungu, ndipo imafooketsa timaselo tomanga mafupa. Ndiye chifukwa chake matenda otseka njira za ndulu ali m'gulu la amene amafumbwitsa mafupa koposa.

Palinso nkhani ya mahomoni, timadzi timene timanyamula mauthenga m'thupi. Uthenga wina waukulu wolamula omanga mafupa kuti agwire ntchito, wotchedwa IGF-1, umachokera makamaka m'chiwindi, ndipo chiwindi chouma chimautumiza mochepa. Mahomoni achimuna ndi achikazi, amene amaletsa ogumula kupyola malire, nawo amasokonekera. Mwamuna amatha mphamvu za m'banja, mawere ake amakula, tsitsi la m'khwapa limathothoka, ndipo mkazi amasiya kusamba nthawi isanakwane. Zimenezi anthu amachita nazo manyazi ndipo sazitchula ngakhale kwa dokotala, chonsecho ndi chenjezo lakuti mafupa ali pangozi. Mwa womwa, mowa weniweniwo umapha omanga mafupa mwachindunji, fodya amathandizira, ndipo womwa kwambiri sasamala za mbale. Mwa ena, mankhwala monga prednisolone, amene amaperekedwa pa matenda ena a chiwindi, amafooketsanso mafupa akamwedwa nthawi yaitali, ngakhale kuti kuwaleka popanda dokotala n'koopsa koposa.

Zonsezi zikaphatikizana, zotsatira zake si zazing'ono. Mwa anthu odwala chiwindi kwa nthawi yaitali, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amapezeka ndi mafupa ofumbwa. Kafukufuku wina amene adasindikizidwa mu 2018, wotsata odwala a ku England ndi ku Denmark, adapeza kuti amene chiwindi chawo chidauma ndi mowa ankathyoka fupa la m'chiuno kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo, ndipo ambiri a iwo ankamwalira m'mwezi woyamba atathyoka kuposa anzawowo. Awa ndi maiko amene wothyoka m'chiuno amachitidwa opaleshoni m'masiku ochepa. Ku Malawi, kumene ntchito yaikulu yolumikiza mafupa m'zipatala za maboma imagwiridwa ndi ma clinical officer a mafupa, amene maphunziro awo adayamba mu 1985, ndipo ambiri othyoka m'chiuno amagona masabata mwendo uli chikokere, mtengo wa kugwa kumodzi ndi wokwera kwambiri.

Tsoka lake n'lakuti matenda omwewo amene amafumbwitsa mafupa ndiwo amagwetsanso munthu. Chiwindi chikalephera kusefa, zoipa zochokera m'matumbo zimafika ku ubongo. Wodwala amayamba kugona masana n'kuchezera usiku, amaiwala mayina a adzukulu ake, manja ake akatambasula amapapaza, ndipo amayenda dzandidzandi ngati woledzera ngakhale sadalawe kanthu. Izi ndizo amuna a pabwalo aja adaona mwa mmisiri uja n'kuziyesa kachasu. Minofu ya m'miyendo imasungunuka, mimba yodzaza madzi imamukokera kutsogolo ndi kumubisira pamene akuponda, ndipo mapiritsi okodzetsa amene amapatsidwa kuti aphwe amamudzutsa kangapo usiku, mumdima, mutu ukuzungulira. Akulu adati chakudza sichiimba ng'oma, koma pa matenda awa ng'oma imalira ndithu, kungoti omva amaimasulira molakwa.

Fupa la msana ndilo limathyoka mwachinsinsi kuposa onse. Silifuna kugwa, kunyamula ndowa, kuwerama pomanga nsapato, ngakhale kutsokomola kwamphamvu n'kokwanira kuti liphwanyike ngati chigumu chopondedwa. Ambiri samva ululu waukulu, amangoti msana wavuta. Likaphwanyika lachiwiri ndi lachitatu, munthu amafupika ndi kuchita linunda, abale n'kumati ndi ukalamba, ngakhale mwini wake asanafike zaka 60. Ndipo fupa limodzi likathyoka chotere, lachiwiri silichedwa.

Pa ululu womwewo pabisala msampha wina umene mdzukulu wotumidwa ku golosale ayenera kuudziwa. Mankhwala opha ululu monga bufeni, asipirini ndi diclofenac, amene ena amawameza ngati mtedza, angathe kuyambitsa kutaya magazi m'mimba ndi kuimitsa impso mwa munthu wa chiwindi chouma. Panado ndiye madokotala amalola, koma pa mlingo wochepa kuposa wa munthu wabwinobwino, kawirikawiri osapyola magalamu 2 pa tsiku, ndiye kuti mapiritsi anayi a mamiligalamu 500. Mizu ndi makungwa owiritsa nazo zimakafika pa bwalo lomwe lija la chiwindi, ndipo chiwindi chotopa sichingathe kuweruza mankhwala amene mlingo wake palibe akuudziwa. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Zipsera zimene zakhazikika sizichoka msanga, ndipo zambiri sizichoka konse, koma chiwindi chikapumitsidwa gawo lotsala limagwira ntchito zaka zambiri, ndipo omanga mafupa amayambiranso mowa ukachoka m'magazi. Mmisiri uja sadalekere pachabe. Zaka ziwiri adaziona, ndipo akadadziwa za mafupa ake mwina akadaona zambiri. Womwa kwambiri tsiku ndi tsiku ayenera kuleka mothandizidwa ndi achipatala, pakuti kuleka mwadzidzidzi kumagwetsa ena khunyu. Hepatitis B ali ndi mankhwala omugonetsa, hepatitis C ali ndi omuchiza, ndipo onse awiri amadziwika poyeza magazi. Ana obadwa ku Malawi kuyambira mu 2002 amalandira katemera wa hepatitis B kusikelo, pamodzi ndi akatemera ena, ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Makolo awo ambiri ndi agogo awo adabadwa katemerayu asanafike, ndipo ndiwo ayenera kukayezetsa, makamaka ngati m'banjamo wina adamwalirapo ndi mimba yotupa. Mphini sizidzatha lero kapena mawa, koma lumo ndi lotsika mtengo moti palibe chifukwa chakuti anthu awiri atemedwe ndi limodzi.

Pa zakudya, m'midzi mudafala chizolowezi chomana wodwala chiwindi ndiwo zankhuli n'kumangomupatsa phala lamadzimadzi. Kumeneko n'kumusungunula minofu imene ikadamuteteza kugwa. Wodwala wotere amafunika nyemba, soya, mazira, mkaka kapena chambiko, ndi nsomba zazing'ono monga usipa, matemba ndi bonya, zimene zimadyedwa ndi minga yomwe, pakuti kashiamu ali m'mingamo. Mawere nawo ali ndi kashiamu wochuluka kuposa chimanga, ndipo bonongwe ndi chisoso si ndiwo za amphawi monga ena amaziyesera. Popeza chiwindi chouma sichisunga mphamvu zokwanira usiku wonse, thupi limayamba kudya minofu yake kusanache, choncho kambale ka phala la nsinjiro kapena la soya pogona n'kofunika ngati mankhwala. Mchere ndiwo uchepe, kuphatikizapo wobisala mu nsomba zoumika ndi mchere ndi mu soda wothira m'therere. Pamenepa mwambo wakale ndi dokotala wa lero akugwirizana, kusiyana kwake n'kwakuti dokotala safunsa amene wathira.

Chikondi cha pamudzi chimalakwanso pomuletsa wodwala kugwira kanthu kalikonse. Chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Fupa limalimba likamasenza thupi, ndipo munthu wogona tsiku lonse mafupa ake amatha msanga kuposa a woyenda. Kuyenda pang'ono m'mawa, kuothera dzuwa pakhonde, kutonola chimanga, kukhala ndi kuimirira pampando kangapo, zonsezi ndi ntchito yokwanira. Chofunika n'kukonza njira: kusalaza podutsa popita kuchimbudzi, kuchotsa mitsitsi ndi zingwe za mbuzi, kuika tochi ndi ndodo pamutu pa mphasa, kuika chitini m'chipinda kuti asatuluke usiku wa mvula, ndi kutaya masilipasi otha amene amaterera pa simenti yonyowa. Akayamba kugona masana ndi kusokoneza mawu, apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mankhwala a lactulose, amene amafewetsa m'mimba kuti zoipa zituluke, amabweza nzeru za ambiri, ndipo kudzimbidwa kwa masiku awiri n'kokwanira kuzisokonezanso.

Makina oyezera kulimba kwa mafupa sapezeka m'zipatala zambiri zimene anthu a kumudzi amafikako, koma mphuthu ya chitseko ili m'nyumba iliyonse. Mabanja ambiri amalemba pamenepo ndi khala msinkhu wa ana pamene akukula. Agogo odwala chiwindi nawo angathe kuimikidwa pomwepo kamodzi pa chaka, opanda nsapato, chidendene chitagunda khoma. Mzere wa chaka chino ukatsika ndi masentimita 2 poyerekeza ndi wapitawo, kapena munthu akafupika ndi masentimita 4 kuchokera pa msinkhu wa pa unyamata wake, ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala kukapempha kuti ajambule msana, ndipo wopita nawoyo asaiwale kunyamula buku lawo la kuchipatala limene mudalembedwa za chiwindi.